Chiyambi cha chipani cha Democratic Labour Party ku Barbados

Chipani cha Democratic Labour Party, chomwe mwachidule chimatchedwa DLP, ndi chimodzi mwa zipani ziwiri zomwe zalamulirapo dziko la Barbados, chilumba cha kum'mawa kwa dera la Caribbean. Chipanichi chidabadwa mu Epulo 1955 pomwe andale ena achinyamata adagalukira chipani cholamula cha Barbados Labour Party, kapena kuti BLP, podandaula kuti atsogoleri ake akuchita chidodo posintha miyoyo ya anthu osauka.

Gwero la mkanganowu lili m'mbiri ya chilumbachi. Angerezi adakhazikika ku Barbados mu 1627 ndipo adatsegula minda ya nzimbe momwe ankagwiritsa ntchito akapolo ochokera ku Africa. Ngakhale ukapolo udathetsedwa mu 1834, malo ndi chuma zidatsalabe m'manja mwa mabanja ochepa a azungu, ndipo ufulu woponya voti udali wa okhawo okhala ndi katundu kapena ndalama zochuluka. Mu Julaye 1937 kudabuka zipolowe mumzinda wa Bridgetown boma la atsamunda litathamangitsa m'dzikomo a Clement Payne, omwe ankalimbikitsa anthu apantchito kugwirizana. Anthu 14 adafa pazipolowezo.

Chaka chotsatira, mu 1938, kudakhazikitsidwa gulu lomwe lidadzasanduka chipani cha BLP, ndipo posakhalitsa a Grantley Adams, loya yemwe adaimirapo a Payne kukhoti, adakhala mtsogoleri wake. A Adams ankakhulupirira njira yosintha zinthu pang'onopang'ono pokambirana ndi boma la Britain. Njirayi idabala zipatso ndithu: mu 1951 munthu wamkulu aliyense adaponya voti kwa nthawi yoyamba, ndipo mu 1954 a Adams adakhala mtsogoleri woyamba wa nduna za chilumbachi.

Mwa aphungu omwe adalowa m'nyumba ya malamulo pachisankho cha 1951 mudali a Errol Barrow, omwe adaimira BLP m'dera la St George. Iwo adabadwa pa 21 Januwale 1920, adagwira ntchito m'gulu lankhondo la ndege la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako adaphunzira zamalamulo ndi zachuma ku London. Ndale zidali za m'magazi, popeza amalume awo, a Charles Duncan O'Neal, ndiwo adayambitsa gulu la Democratic League mu 1924.

A Barrow ndi anzawo ankaona kuti voti payokha siidathetse ulova, kuti dziko likudalirabe shuga yekha, ndiponso kuti maganizo a aphungu achinyamata sakumvedwa m'chipanimo. Kusamvanaku kutakula, iwo pamodzi ndi a James Cameron Tudor, a Frederick Smith ndi ena adayambitsa DLP.

Poyamba zinthu sizidayende. Pachisankho cha 1956 chipani chatsopanochi chidapeza mipando 4 yokha mwa mipando 24, ndipo a Barrow eni akewo adagwa. Mwayi udapezeka mu 1958 pomwe a Adams adachoka m'ndale za chilumbachi kukakhala nduna yaikulu ya chitaganya cha West Indies, n'kusiya boma m'manja mwa a Hugh Cummins. M'chaka chomwecho a Barrow adabwerera m'nyumba ya malamulo atapambana chisankho chachibwereza m'dera la St John. Mu Disembala 1961 DLP idapeza mipando yoposa theka ndipo idatenga boma, patangotha zaka 6 chiyambireni.

Boma la a Barrow lidachotsa fizi m'sukulu za sekondale za boma, lidayambitsa chakudya cha ana m'sukulu, ndipo lidalimbikitsa mafakitale ndi ntchito zokopa alendo pofuna kuchepetsa kudalira shuga. Chitaganya cha West Indies chitatha mu 1962, ndipo zokambirana zopanga china cha zilumba zing'onozing'ono zitakanika, Barbados idalandira payokha ufulu wodzilamulira pa 30 Novembala 1966, chaka chomwe Botswana ndi Lesotho zidalandiranso ufulu. A Barrow adakhala nduna yaikulu yoyamba.

Kupikisana kwa zipani ziwirizi kudapitirira. Mu 1976 DLP idagonja kwa BLP yotsogozedwa ndi a Tom Adams, mwana wa a Grantley Adams. Idabwereranso m'boma mu 1986, koma a Barrow adamwalira pa 1 Juni 1987 ali pampando. Mu 1989 chipani chomwe chidabadwa pogalukirachi chidagalukiridwanso, pomwe a Richie Haynes adatulukamo n'kuyambitsa National Democratic Party. DLP idalamulanso kuyambira 2008 mpaka 2018, koma pazisankho za 2018 ndi 2022 idalephera kupeza mpando ndi umodzi womwe mwa mipando 30, yonse itapita ku BLP ya mayi Mia Mottley.

Mu 1998 nyumba ya malamulo idaika a Grantley Adams ndi a Errol Barrow pamndandanda umodzi wa ngwazi 10 za dzikolo. Tsiku la 21 Januwale ndi tchuthi chokumbukira a Barrow.