Fungo la zomera ndi mawu amene akatswiri amalitchulira

Akatswiri a tizilombo sagawa fungo monga timachitira ife, kuti ili n'lonunkhira, ili n'lonunkha. Funso lawo limakhala lakuti: walitulutsa ndani, nanga wapindula nalo ndani? Mawu ovuta a ntchito yawo onse amachokera pamenepo, ndipo woweta ng'ombe wa kwa Mukuni kapena ku Kazungula, kunja kwa tauni ya Livingstone, angawamve mosavuta akagwira funsoli.

Odziwika kwambiri ndi pheromone, mawu amene Peter Karlson ndi Martin Lüscher anayambitsa mu 1959. Ndi fungo limene tizilombo tamtundu umodzi timaitanirana nalo, monga la gulugufe wamkazi pofuna wamwamuna. Mbozi za fall armyworm zitalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, timisampha tapulasitiki tokoloweka m'minda tinkakhala ndi kamphira konyikidwa m'fungo lotere. Msampha woterowo suteteza chimanga. Umangogwira agulugufe aamuna kuti mlangizi adziwe kuti mazira ali pafupi.

Fungo likadutsa kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, mayina amakhala atatu. Likapindulitsa wolimva n'kupweteketsa mwini wake, ndi kairomone. Likapindulitsa mwini wake, monga pothamangitsa mdani, ndi allomone. Onse awiri akapindula, ndi synomone. Mu 1990 Ted Turlings ndi anzake anaonetsa kuti chimanga cholumidwa ndi mbozi chimatulutsa fungo lapadera, ndipo timavu tating'ono toikira mazira m'thupi la mbozi timalilondola. Chimanga chapeza womenyera nkhondo, mavu apeza poswera: synomone imeneyo. Koma fungo lomwelo likafika kwa gulugufe woyamba kufuna poikira mazira n'kumubweza, lasanduka allomone. Dzina silimamatira pa mankhwalawo, limasintha malinga ndi mphuno imene yalandira. Ophunzira ambiri amasokonezeka apa chifukwa amafuna kuloweza mndandanda.

Livingstone ali ndi chitsanzo pakhomo penipeni. Lantana, chitsamba chobwera cha timaluwa tofiira ndi tachikasu, chakhala chikulowerera m'nkhalango yozungulira mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. Mu 2004 Zainulabeuddin Syed ndi Patrick Guerin anapeza kuti kashembe amakopeka ndi fungo la masamba ndi maluwa ake. Kashembe amamwa magazi okha, ndiye sapita kukadya: amafuna mthunzi wobisalako dzuwa likaswa mtengo. Fungo la ng'ombe nalo ndi kairomone. Ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, Glyn Vale ndi anzake anazindikira kuti acetone ndi octenol za mu mpweya wa ng'ombe zimakoka kashembe, n'chifukwa chake nsalu zabuluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala ankaziikira timabotolo ta fungo.

Pa udzu, mawu ofunika ndi push-pull, kukankha ndi kukoka. Njirayi inakonzedwa ndi Zeyaur Khan wa ku icipe ku Kenya ndi John Pickett wa ku Rothamsted ku England, ndipo alimi a kumadzulo kwa Kenya anayamba kuiyesa cha m'ma 1997. Pakati pa mizere ya chimanga amabzala desmodium kuti athamangitse agulugufe a kapuchi, m'mphepete mwa munda amabzala nsenjere kuti iwakope. Nsenjere imatulutsa fungo lambiri kukangoda, nthawi imene agulugufewo amayamba kuuluka. Mbozi zikaswa n'kuboola phesi, udzuwo umatulutsa utomoni womata ndipo zambiri zimafera momwemo. Desmodium amafooketsanso kaufiti kudzera m'mizu. Palinso udzu wa molasses, wa masamba aubweya onata, umene nkhupakupa zimakana kukwerapo. M'dera limene denkete, nthenda yofalitsidwa ndi nkhupakupa, yapulula makola, zimenezo si zachibwana.

Kwa woweta, phindu lalikulu n'lakuti zonsezi ndi chakudya cha ng'ombe. Vuto ndi mvula. Dera la Livingstone ndi limodzi mwa malo ouma kwambiri m'Zambia, ndipo nsenjere imafuna chinyontho. Pa malo otere a icipe anasinthira ku brachiaria wa Mulato II ndi desmodium wa greenleaf, zopirira chilala.

Ine mawu akuti push ndimawatenga mosamala. Mu 2024 Anna Erdei, Teun Dekker ndi anzawo anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti desmodium wosalumidwa amatulutsa fungo lochepa kwambiri, ndipo agulugufe a fall armyworm sanamuthawe. Anaona mbozi zikukodwa n'kubayidwa ndi timaubweya tangowe ta pamasamba ndi pamapesi. Ofufuza ena akuimabe pa fungo, ndipo mkangano sunathe. Kuti mbozi zimachepa m'minda yotere, mbali zonse zikuvomereza. Akulimbana pa chimene chikuzichepetsa, ndipo yankho lake lidzauza mlimi ngati desmodium angabzalidwe motalikirana kapena ayenera kuphimba dothi lonse pakati pa mizere.