Kupempherera Olamulira m'Dziko la Ansenga

Kale mvula ikacedwa m'dziko la Ansenga, mfumu ndiyo inali kupempherera anthu. Kalindawalo ndi akuluakulu ace anali kukathira nsembe kwa mizimu ya makolo, anthu nadikira m'midzi. Amishoni atafika, anadza ndi mwambo wina. A mpingo wa Dutch anamanga ku Nyanje m'caka ca 1905, pambuyo pace ku Hofmeyr m'dera la Nyimba, ndipo ansembe a Katolika anakhazikika ku Minga mu 1923. Onsewa, potsata kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, anaphunzitsa kuti anthu wamba nawonso ayenera kupempherera owalamulira.

Ciphunzitso cimeneci cinali colemera, pakuti wolamulira wa masiku amenewo anali mfumu ya ku Mangalande, imene Bwana D.C. wa pa Boma la Petauke anali kuiimira. M'dzina lace anthu anali kukhoma msonkho, ndipo amuna ambiri anasiya minda yao kukafuna ndalama ku Halale. Nthaka yambiri ya cigawo ca kum'mawa inali m'manja mwa kampani ya North Charterland, kufikira Boma linaitenga mu 1941. Tsono Mkristu anali kupempherera pa Sabata ufumu womwewo umene unali kumtumira mesenjala pa Lolemba.

M'caka ca 1953 pemphero linagwira nchito ina. Azungu pofuna kulumikiza maiko atatu mu Citaganya, Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anaitana dziko lonse kuti lipatule masiku awiri a mwezi wa April, kusiya nchito ndi kupemphera. Anchito ambiri a ku migodi sanamtsate, ndipo Citaganya cinayamba caka comweco, nicikhala kufikira 1963. Koma anthu anaona kuti wogwada pamaso pa Mulungu akhoza kukana lamulo la munthu.

Pa 24 October 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu, ndipo m'mapemphero a m'macalici munalowa dzina la Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wa ku Lubwa. Ambiri anayesa kuti ufulu ndi kulamulidwa ndi mbale wako basi. Koma mu 1972 zipani zonse zinaletsedwa, nicitsala ca UNIP cokha. Mipingo sinaleke kumpempherera Kaunda, ngakhalenso kumcenjeza sinaleke. Mu 1979 Akatolika ndi mipingo ina analemba kalata imodzi yokana ciphunzitso ca Marx cimene Boma linafuna kufalitsa. Mu July 1991, dziko litagawanika, atsogoleri a mipingo anakumanitsa Kaunda ndi Frederick Chiluba m'calici cacikulu ca Anglican ku Lusaka. Pa masankho a mu October Kaunda anagonja, nasiya mpando mwamtendere.

Akulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo cifukwa cace mtsogoleri asowa pemphero koposa ena. Koma kumpempherera sikubvomereza zocita zace zonse iai. Womchula dzina pamaso pa Mulungu amkumbutsa kuti pali wina womposa, amene adzamfunsa za anthu ace. Makolo a ku Nyanje ndi ku Minga anapempherera mfumu imene sanaisankhe ndiponso sakanatha kuicotsa. Adzukulu ao anapempherera mtsogoleri amene anatha kumdzudzula poyera, ndi kumcotsa ndi kapepala ka masankho popanda kukhetsa mwazi. Kusiyana kumeneku ndiko ufulu.