Zopinga kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito za boma

Kusintha kayendetsedwe ka ntchito za boma ndi ndondomeko yokonzanso momwe boma limalembera anthu ntchito, limagwiritsira ntchito ndalama za misonkho komanso limafikitsira chithandizo kwa nzika. Maiko ambiri ongotukuka kumene akhala akuyesa izi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene Banki ya Dziko Lonse ndi bungwe la IMF zinkakakamiza maboma kuchepetsa antchito ndi kugulitsa makampani a boma. Komabe phindu lake lakhala lochepa pa zifukwa zingapo.

Choyamba ndi ndale. Oyenera kutsogolera kusinthaku nthawi zambiri ndi omwewo amene akupindula ndi dongosolo lakale. Ku Malawi, Pulezidenti Peter Mutharika adakhazikitsa komiti yoona za kusinthaku mu 2014 motsogozedwa ndi wachiwiri wake, Saulos Chilima. Mu 2021, Chilima adaperekanso kwa Pulezidenti Lazarus Chakwera lipoti lounika ma alawansi, makontirakiti a antchito ndi kagulidwe ka katundu wa boma, koma boma silidalitulutse kuti anthu aliwerenge.

Chachiwiri ndi kudalira makina popanda kulimbikitsa chilango. Dongosolo la pakompyuta la IFMIS lidabwera kuti litseke mipata yobera, koma mu 2013 ndi m'menemo momwe mudadutsa ndalama za Cashgate, zomwe kafukufuku adapeza kuti zidafika K24 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi. Maiko othandiza adaimitsa thandizo lawo ku bajeti.

Chachitatu ndi kaundula wosalongosoka wa antchito. Mu 2016, boma la Nigeria lidachotsa maina oposa 23,000 a anthu amene ankalandira malipiro osagwira ntchito, ndipo mu 2017 boma la Tanzania lidachotsa antchito pafupifupi 10,000 kaamba ka masatifiketi achinyengo.

Chachinayi ndi malipiro ochepa, omwe amachititsa antchito kuthamangira misonkhano ya ma alawansi, akatswiri n'kumapita kumabungwe kapena kunja.

Chachisanu ndi kukakamira mphamvu kulikulu. Lamulo la maboma aang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 makhonsolo a m'dziko muno adayenda opanda makhansala.

Kusintha kukalephereka, wovutika ndi wodwala amene wapeza chipatala chilibe mankhwala, komanso mphunzitsi wopuma pantchito amene akudikira penshoni yake kwa miyezi yambiri.