Chitsononkho, Chitini ndi Waya

Ife ogwira ntchito m'boma tinazolowera kuti chinthu chomwe sichili m'fayilo ndiye kuti sichinachitike. Kunyumba yosungirako zolembedwa zakale ku Zomba, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947, munthu ukhoza kupezako za msonkho wa nyumba, za mitengo ya fodya ndi thonje, ngakhalenso makalata omwe atsamunda ankalemberana. Koma mwana wa zaka ziwiri sakhoma msonkho, ndipo choseweretsa chake sichikhala ndi lisiti. Chimapangidwa m'mawa, pofika madzulo chathyoka, mawa lake chasesedwa n'kukatayidwa kudzala. Komabe ine ndimaona kuti munthu atandandalika zoseweretsa za ana a m'dziko muno motsata zaka, akhoza kuwerengamo mbiri ya katundu amene ankalowa pakhomo pa Mmalawi, pakuti mwana amatola chomwe akuluakulu athana nacho.

Tiyambire pa nthawi imene pakhomo panalibe chochokera kusitolo. Khanda likayamba kugwira zinthu, agogo ankatenga kachikho kouma, kuponyamo timiyala kapena njere, n'kutseka kukamwa kwake. Chisekese chinali chitapezeka. Kulira kwake n'kofanana ndi kwa maseche a pabwalo, choncho mwana ankazolowera mayendedwe a gule asanadziwe n'kuimirira komwe. Akayamba kuyenda dededede, mtsikana ankapatsidwa chitsononkho chokulunga m'kansanza n'kumubereketsa kumbuyo. Kuyambira pamenepo sichinalinso chitsononkho ayi, koma mwana woyenera kuyamwitsidwa, kusambitsidwa ndi kukalipiridwa. M'dzinja atsikana ankasirira chimanga chanthete kaamba ka ndevu zake zomwe zimalukika ngati tsitsi, ngakhale kuti kuthyola chimanga chosakhwima unali mlandu wolawa nawo mkwapulo. Tisaiwale kuti nacho chimangacho n'chobwera. Kwawo ndi ku America, ndipo makolo athu akalekale ankadalira mapira ndi mawere. Ndiye kuti ngakhale mwana wa chitsononkho, yemwe timamuyesa wachikhalire, ali ndi tsiku lomwe anafika.

Wamkulu pa zonsezi ndi dongo. Anyamata akakhala kubusa m'dambo ankaumba ng'ombe za linunda, nyanga zake za minga, ndipo pobwera madzulo ankatengerako mng'ono wawo imodzi. Apa mpomwe pali mfundo imene ndikufuna awerengi aigwire. Kamwana kongoyamba kuyenda sikapanga choseweretsa. Bambo anali kumunda kapena kuulendo, mayi ali pamtondo. Mmisiri wa zoseweretsa anali mlezi, mwana mnzake wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi. Wamng'onoyo ankayamba ndi kuonerera, kenaka kutumidwa madzi ofewetsera dongo, kenaka kupatsidwa ng'ombe yothyoka mwendo, mpaka tsiku lina kuumba yake yooneka ngati mbatata. Kumasanje, anthu akakolola, ndondomeko inali yomweyo: wamkulu aphika m'phale, wamng'ono asanduka mwana wa m'banjamo kapena galu.

Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ndipo sitolo za Mandala ndi za amwenye zitafalikira, pakhomo panayamba kuoneka zinyalala zachilendo. Msonkho unatumiza amuna ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo pobwerera ankabwera ndi njinga, masutikesi ndi magalamafoni. Njinga ikatha, lingi lake linkasanduka gudumu lothamangitsa ndi kamtengo, ndipo chubu chake chinkalezedwa kukhala mphira womangira chilichonse. Kachitini ka polishi kankabooledwa pakati, kulowetsedwa kumsonga kwa bango lalitali, mwana wa zaka zitatu n'kumakankha bwalo lonse milomo ikuchita kunjenjemera ndi kulira kwa injini. Nawo mapesi, omwe analipo kale, anayamba kutenga maonekedwe atsopano. Ana ankasenda khungu lake n'kulibaya m'chamkati chofewa chija kupanga magalasi a m'maso onga a aphunzitsi a kumishoni.

Kenaka kunabwera waya, ndipo ndi waya kunabadwa mfumu ya zoseweretsa zathu, galimoto. Luso lake silinali lamasewera. Mawilo akutsogolo ankayenera kukhota mogwirizana ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwa mwini wake, ndipo amisiri enieni ankaikamo ngakhale masipuling'i kuti galimoto izinyadira pamabampu. Wayayo sankagulidwa. Ankachokera ku mipanda ya maesiteti, ya sukulu ndi ya anthu olemera, ndipo eni mipanda ankadziwa bwino kumene mipanda yawo inkathera.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mafakitale a m'dziko momwemuno anachulukitsa zipangizo. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo pamodzi ndi Southern Bottlers inatipatsa zitsekerero za mabotolo. Machesi a Leopard anatipatsa timabokosi tolumikiza kukhala sitima, Bata inatipatsa patapata wakutha wodula mawilo, shuga wa ku Nchalo anatipatsa mapepala ake olimba. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 m'nyumba za boma tinali ndi mgodi wathu kuseri kwa thaveni. Mapaketi a Chibuku tinkawatsuka, kuwadula mawindo, kuwabaya timitengo tiwiri, basi ya UTM n'kuima pasiteji. Basi yotere inali ya ang'ono athu chifukwa inali yopepuka, yosabaya, ndipo ikaphwanyika palibe ankalira nthawi yaitali. Fungo la masese lokha ndilo silinkachoka, ndipo amayi opemphera sankailola kugona m'nyumba.

Akunja anaona luso limeneli ife tisanalione. Mu 1990 Karen Lynn Williams, mayi wa ku America yemwe anakhalako m'dziko muno, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lokamba za mnyamata Kondi amene ayendayenda kufunafuna waya. Pamene ana a kunjako ankaliwerenga m'sukulu zawo, kuno galimoto ya waya inkatengedwa ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo kholo lolandira malipiro linkachita manyazi mwana wake akaiyendetsa pamaso pa alendo. Koma manja amene anaimika makina a mphepo opanga magetsi kwa Wimbe ku Kasungu mu 2002, a William Kamkwamba, anali manja ozolowera kutola kudzala. Zipangizo zake zinali njinga yakutha, mapaipi ndi zitsulo zotayidwa.

Chaka cha 1994 chinasintha zinthu kuwiri. Malonda atamasuka, kaunjika anabweretsa zidole zaubweya zomwe ana a ku Ulaya anatopa nazo, ndipo pambuyo pake sitolo zinadzaza ndi timagalimoto tapulasitiki ta ku China, makamaka ubale ndi dzikolo utakhazikitsidwa kumapeto kwa 2007. Chaka chomwecho cha 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'makalasi. Ambiri mwa iwo anali alezi aja. Palibe munthu wanzeru angadandaule kuti mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu anatula mwana kumbuyo n'kunyamula kope. Koma n'zoonanso kuti kamwana kotsala pakhomo kanataya mmisiri wake kwa theka la tsiku.

Mpata umenewo unatsekedwa ndi sukulu za mkombaphala, ndipo kumeneko n'kumene zidole zopanga pamanja zapezanso ulemu. Alezi a m'sukuluzi, ambiri mwa iwo ongodzipereka, amaphunzitsidwa kupanga zisekese za mabotolo, zidole za nsanza ndi mipira ya mapepala. Zimandiseketsa ndithu kuti ife a m'boma timakhala pamsonkhano kunyanja, alawansi ili m'thumba, kukambirana zomwe agogo ankachita atakhala pamphasa osalipidwa kanthu. Komabe maphunzirowa awonjezerapo chimodzi chomwe kale sitinkachilabadira, ndicho chitetezo. Chitini chodula chimacheka, waya wadzimbiri amabweretsa kafumbata, nyemba imalowa m'mphuno, ndipo jumbo imatha kutsamwitsa khanda. Amene amangoyamikira zakale amaiwala zipsera zomwe ambirife tili nazo m'zala.

Nayo jumboyo, imene inalowa m'malo mwa nsanza pomanga mpira wa chikulunga, masiku ake akuwerengeka. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti kulimbana m'makhoti kunapitirira zaka zingapo pambuyo pake. Dongo lokha ndilo silinaletsedwepo ndi aliyense, ndipo m'midzi ana akuumbabe. Kungoti ng'ombe zachepa. Chomwe chikuumbidwa kwambiri tsopano ndi foni, yosalala bwino, ya kagalasi kothyoka kutsogolo kwake. Mkulu akaumitsa padzuwa amapatsa mng'ono wake, ndipo kamwanako kamaigwirizitsa kukhutu ndi phewa, dzanja lina lili m'chiuno, n'kumauza wa mbali inayo kuti atumize ndalama mwamsanga chifukwa mayunitsi atsala pang'ono kutha.