Selo Silisweka, Limagawikana

Abale anga, tsiku lina madzulo ndinali pakhonde ndikumva mdzukulu wanga akuloweza za sayansi ndi mnzake. Mwanayo anati, "Enzyme imakata ma protein, kenako selo limasweka pawiri." Mtima unandipweteka. Mwanayo sindimuimba mlandu, chifukwa akutola zomwe ife akuluakulu tikumwaza. Koma taonani, Chichewa chili ndi kudula, kucheka, kutema, kusema, kusenga, kung'amba ndi kuthyola. Nkhokwe yodzaza chonchi, ife n'kumakapempha "kukata" kwa eni!

Nkhani yomwe mwanayo ankaphunzira ndi yofuna mneni wosankhidwa bwino. M'thupi muli ma enzyme ena amene ntchito yawo ndi kudula mapuloteni. Amayi athu akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira kale: nyama ya tambala wokalamba ikauma gwa, amaikulunga m'masamba a papaya, ndipo utomoni woyera uja, womwe uli ndi papain, umaifewetsa. Nayo pepsin ya m'mimba imagaya chakudya. Apo tinene kuti kufewetsa ndi kugaya, tikhala talondola.

Koma m'kati mwa selo simugayidwa zinthu chigayegaye ngati kuchigayo. Selo la munthu lili ndi ma chromosome 46. Likamakonzekera kukhala awiri, chromosome iliyonse imakopedwa, ndipo ziwirizo zimamangidwa pamodzi ndi puloteni yotchedwa cohesin, monga momwe luzi limamangira mtolo wa nkhuni. Pambali pake pali mpeni, dzina lake separase, koma umakhala m'chimake, wogwidwa ndi securin. Nthawi ikakwana, securin imachotsedwa, mpeni umasololoka n'kudula luzi lija, ziwiri zija n'kupatukana, ina uku ina uko. Anaonetsa zimenezi ndi Frank Uhlmann ndi Kim Nasmyth ku Vienna mu 1999, pofufuza yisiti. Tsono ndiuzeni, pamenepa chasweka n'chiyani? Chimasweka ndi mbiya ikagwa pamwala, ndipo mapale ake satunga madzi. Selo limagawikana, ndipo mbali iliyonse imatenga gawo lake lathunthu n'kukhala ndi moyo. Nawonso mpeni uja sunaphwanye kanthu. Wadula, pamalo pake, panthawi yake.

Pali mawu enanso amene amandinyansa kwambiri, oti "maselo amadzipha". Tonse tikudziwa kulemera kwa mawu akuti kudzipha pamudzi. Si otchula mwachisawawa. Tambasulani dzanja lanu muone mipata ya pakati pa zala. Muli m'mimba mwa amayi anu, zalazo zinali zolumikizana ndi kachikopa ngati phazi la bakha. Ma enzyme otchedwa caspase anadula mapuloteni a m'maselo a kachikopako, maselowo anafa mwadongosolo, zala n'kutuluka zisanu. M'kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, maselo 131 mwa 1090 amafa motero kakamakula, ndipo Sydney Brenner, John Sulston ndi Robert Horvitz analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha kafukufuku wa kanyongolotsiko. Asayansi anatcha imfa imeneyi apoptosis mu 1972, kuchokera ku Chigiriki, kutanthauza kugwa kwa masamba mumtengo. Ife mneni wake tili naye kale pamphuno: kuyoyoka. Maselo amayoyoka ngati masamba a m'chilimwe, mtengo uli chiimire.

Mchira wa mbululu nawo suthothoka ngati wa buluzi. Umafota pang'onopang'ono, ndipo mumchira momwemo ndi mmene Jerome Gross ndi Charles Lapière anapeza enzyme yotchedwa collagenase mu 1962.

Mayina ngati separase ndi caspase tiwalandire, ndi alendo obwera ndi katundu wawo. Aneni okha ndiwo tisabwereke. Aphunzitsi, mawa mukaima pabolodi, uzani ana kuti mpeni umadula, selo limagawikana, maselo amayoyoka.