Mbiri ya Bokosi la Zimbale za WITCH

Dziko la Zambia lisanakwanitse zaka khumi chilandirire ufulu wake mu 1964, mkuwa udakali pa mtengo wokoma, anyamata ena a ku Kitwe, amene makutu awo anali atakhuta nyimbo za Rolling Stones ndi za Jimi Hendrix, anakhazikitsa gulu lotchedwa WITCH, nasankha Emmanuel Chanda kukhala wotsogolera nyimbo, iye amene anthu anamuveka dzina la Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger. Pakati pa 1972 ndi 1977 anatulutsa zimbale zisanu: Introduction, In The Past, Lazy Bones!!, Lukombo Vibes, ndi chotsiriza chimene muli nyimbo ya Janet. Ngakhale oyimbawo anali a ku migodi, nyimbo zawo zinapeza kwawo m'makomboni a Lusaka, m'mabala a ku Matero ndi m'nyumba zamatope za ku Kanyama ndi ku Chawama, kumene zinapikisana ndi gitala yolusa ya mwana wa mumzinda uno, Paul Ngozi. Pulezidenti Kaunda naye anathirapo manyowa polamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zikhale za dziko lino.

Koma masiku a mkaka ndi uchi sanakhalitse. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, munthu wa ku George kapena ku Mtendere anayamba kuwerengera za ufa asanaganize za chimbale. Ndipo chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia, boma linaletsa kuyenda usiku, kotero kuti magule amene ankafika mbandakucha anazilala. Jagari anachoka nakhala mphunzitsi. Otsala anatembenukira ku disiko, natulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, koma pamenepo makomboni anali atapereka mtima wawo ku nyimbo za kalindula. Kenaka unadza mliri wa Edzi, umene unakolola oyimba a m'badwo umenewo mopanda chisoni, mpaka mwa oyambitsa gululo anatsala Jagari yekha, akufukula miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Zimbale zinakandika, zina zinapindika ndi dzuwa, ndipo ana anakula osadziwa chimene makolo awo ankavina.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogoleredwa ndi Eothen Alapatt, inasonkhanitsa zimbale zisanuzo pamodzi ndi nyimbo zina zomwazikana, niziika m'bokosi limodzi lotchedwa We Intend To Cause Havoc!, limene linatuluka pa ma CD anayi. Ntchito imeneyi ndiyenera kuiyamika, pakuti mwa iyo mafupa owuma anavala mnofu: Jagari anabwerera pabwalo nayimba ku Ulaya ndi ku America, kanema wa mbiri ya gululo anatuluka mu 2019, ndipo chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku DB Studios kuno ku Lusaka, chinafika mu 2023.

Komabe chimandiwawa n'chakuti bokosilo limapezeka mosavuta ku London koposa ku Kalingalinga. Inu amene muli ndi zimbale za malemu atate anu pansi pa bedi, zipukuteni fumbi, muzisunge pamthunzi, ndipo muwaimbire adzukulu anu mudakali ndi moyo wowauza amene anaziyimba.