Agogo Ali pa Chithunzi ndi Yunifolomu: Anamenya Nkhondo Iti?

M'nyumba zambiri m'dziko muno muli chithunzi cha mwamuna ataima chilili, atavala kabudula wa khaki, chisoti kumutu, mwina mfuti pambali. Chimakhala pakhoma la pabalaza kapena pansi pa sutukesi ya agogo aakazi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Mukafunsa kuti ameneyu ndani, amakuyankhani kuti, "Ndi agogo ako, anali a Keyala, anapita ku nkhondo." Basi nkhani yathera pomwepo. Nkhondo yake iti, anafika dziko liti, anali m'gulu liti, palibe amene amayankha. Sabata ino tiyeni tiphunzire kuwerenga chithunzi choterocho, chifukwa chovala chomwe agogo avalacho chimanena zinthu zomwe achibale anaiwala kalekale.

Tiyambe ndi dzinalo. Keyala ndi mmene makolo athu ankatchulira zilembo za KAR, kutanthauza King's African Rifles, gulu la asilikali akuda lomwe Angerezi anakhazikitsa pa 1 Januwale 1902. Linali ndi magulu angapo otchedwa mabataliyoni. Awiri oyamba, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno ku Nyasaland ndipo kwawo kunali ku Zomba. 3 KAR inali ya ku Kenya, 4 KAR ya ku Uganda. Ndiye mukamva kuti munthu anali wa Keyala, funso loyamba ndi lakuti, Keyala yake ya chaka chiti? Gululi linakhalapo zaka zoposa 60, ndipo linamenya nkhondo zosiyanasiyana.

Yoyamba yomwe mabanja ambiri amakumbukira ndi ya 1914 mpaka 1918, yomwe makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha kulira kwa mfuti zija zolavula zipolopolo motsatizana. Kuno inafika msanga: pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Keyala analimbana ndi a Ajeremani ku Karonga, ndipo manda a ena mwa omwe anafa tsikulo alipobe pa boma la Karonga. Kenako nkhondo inalowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, kuthamangitsana ndi mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, yemwe anatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anamenya nkhondoyi ngati asilikali. Msilikali wa nthawi imeneyi mumuzindikira ndi kachisoti kozungulira kopanda mlomo, nthawi zambiri kokhala ndi kansalu kotchinga khosi kumbuyo, nsalu zokulunga miyendo kuchokera m'kakolo mpaka pansi pa bondo, komanso mapazi: ambiri alibe nsapato kapena avala nkhwaila.

Yachiwiri ndi ya 1939 mpaka 1945, imene agogo athu ankangoti nkhondo ya Hitler, ngakhale kuti iwo analimbana kwambiri ndi Ataliyana ndi Ajapani. Mu 1940 a 1 KAR anali pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, pomwe a 2 KAR anali ku Somaliland. Mu 1941 Keyala inathandiza kuchotsa Ataliyana ku Ethiopia, mu 1942 ena anawoloka nyanja kupita ku Madagascar, ndipo mu 1944 ambiri anakalowa m'nkhalango za ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, nyengo ya mvula yosalekeza ndi malungo. Chisoti cha nthawi iyi ndi chachikulu, cha mlomo wotambalala, mbali imodzi itapindidwira mmwamba, ndipo kumapazi kuli jombo. Mukaona buluku lalitali m'malo mwa kabudula, ndiponso chizindikiro cha chipembere pamkono wa malaya, dziwani kuti agogowo anali m'gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division, lomwe linamenya ku Burma.

Palinso ina yomwe timaisokoneza ndi ya Hitler. Kuyambira mu 1952 a 1 KAR anatumizidwa ku Malaya, komwe lero ndi Malaysia, kukalimbana ndi zigawenga za chikomyunizimu m'nkhalango, ndipo a 2 KAR anakawalowa m'malo. Ngati agogo anu anabadwa cha m'ma 1930, ku Burma sanafikeko, anali mwana. Nkhalango yomwe ankasimba mwina ndi ya ku Malaya. Kuwerengera msinkhu kokhako kumathetsa mikangano yambiri ya m'banja. Ufulu utabwera mu 1964, 1 KAR inasanduka Malawi Rifles, pomwe 2 KAR inakhala mbali ya asilikali a Zambia.

Chenjerani ndi kofia, chisoti chija chachitali chokhala ndi kamchira. Ankavala pa pelete ndi pojambulitsa, nthawi zosiyanasiyana, choncho sichikuuzani chaka. N'zoona kuti asilikali a ku Nyasaland ankadziwika ndi kofia yakuda pomwe anzawo ambiri ankavala yofiira, koma pa chithunzi chakale chopanda mitundu yofiira imaonekanso yakuda. Komanso si aliyense wa kofia anali msilikali: apolisi ndi amesenjala a kwa DC ankavalanso. Yang'anani baji pachisoti ndi zilembo za chitsulo paphewa. Jambulani chithunzicho ndi foni pamalo owala, kenako muchikulitse ndi zala. Mukaona zilembo za KAR, mwapeza. Mukaona NRR, imeneyo ndi Northern Rhodesia Regiment ya ku Zambia, ndipo musadabwe, chifukwa anthu athu ankayenda. Pa Nkhondo ya Chiwaya, ambiri omwe anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia analembedwa komweko mu Rhodesia Native Regiment. Pamkono werengani mizere: umodzi ndi lansi kopolo, iwiri ndi kopolo, itatu ndi sajeni.

Ngati m'banja mwanu mwatsala mendulo, muli ndi chuma choposa chithunzi. Mamendulo a Nkhondo ya Chiwaya anadindidwa nambala, dzina ndi gulu la msilikali m'mphepete mwake, ndipo ya nyenyezi anaidinda kumbuyo. Itembenuzeni, muwerenge pang'onopang'ono. A nkhondo ya Hitler ankaperekedwa opanda dzina, komabe amanena komwe munthu anafika. Africa Star, ya kansalu kotuwa ngati mchenga kokhala ndi mzere wofiira pakati, ikuloza ku Ethiopia ndi Somaliland. Burma Star ikudzinenera yokha. Ya ku Malaya ili ndi kachitsulo kolembedwa kuti Malaya, ndipo dzina lili m'mphepete. Nambala za asilikali a kuno a nthawi imeneyo kawirikawiri zimayamba ndi zilembo DN. Nambala imeneyi isungeni ngati nambala ya chiphaso, pakuti maina ankasokonekera. Mlembi ankalemba mmene wamvera, L ndi R ankazisinthanitsa, wina ankalembetsa dzina limodzi lokha, wina la bambo ake, wina dzina lachilendo poopa kuti makolo angamutsatire kudzamubweza. Dzina likhoza kukusocheretsani, koma nambala inali ya munthu mmodzi.

Pali mendulo ina yomwe ingakuzizitseni nkhongono. Ili ndi kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915, ndipo inkaperekedwa kwa omwe anathandiza kugonjetsa John Chilembwe ndi anthu ake. Chilembwe yemweyo, miyezi iwiri asanaukire, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yomwe si yawo. Mukaipeza m'sutukesi mwanu musaibise. Ena analowa Keyala pofuna malipiro ndi kuthawa msonkho, ena anachita kuperekedwa ndi mafumu, ena anakopeka ndi malipenga ndi yunifolomu. Tikufufuza kuti tidziwe zomwe zinachitika, ngakhale zina zitiwawe.

Nanga mukapeza dzina ndi nambala, mupita nazo kuti? Ngati agogowo sanabwerere, yambani ndi Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, lomwe lili ndi mndandanda wa maina pa intaneti ndipo kufufuza kwake n'kwaulere. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzinalo. Omwe anafera ku Burma ambiri ali pa manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, ena maina okha pachipilala cha pomwepo. Ku Zomba, chipilala cha Keyala chomwe chili pafupi ndi Cobbe Barracks chili ndi maina a asilikali omwe anafa pa Nkhondo ya Chiwaya. Amene muli pafupi, pitani mukawerenge. Ku Zomba komweko kuli National Archives of Malawi, kosungira makalata akale a boma, ndipo ku Blantyre, ku Mandala House, kuli laibulale ya Society of Malawi. Makope a makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, ndipo mndandanda wake umafufuzika pa intaneti. Bungwe la asilikali opuma la VELOM nalonso ndi khomo loyenera kugogoda.

Koma ndikuuzeni zoona, ena mufufuza osapeza kanthu, ndipo chifukwa chake chilipo. Pa Nkhondo ya Chiwaya, anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa ngati amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu mitunda yaitali, ambiri mokakamizidwa. Iwowa analibe yunifolomu yojambulitsa, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda m'njira. Mu 2021 bungwe la manda lija linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a ku Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Omwe anabwerera amoyo mu 1945 nawonso analandira mphoto yosiyana: msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, wakuda mashilingi atatu ndi theka. Ngati mabuku a eni nkhondo anatisiya kunja chonchi, ndiye kuti kaundula wathu ali m'mitu ya okalamba athu.

Choncho musanagule bandulo ya intaneti, khalani pamphasa ndi azakhali kapena agogo omwe atsala. Musawafunse chaka, sangakumbuke. Afunseni kuti pamene ankapita, mwana woyamba anali atabadwa? Anabwerera njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa? Anakwera sitima ya pamadzi? Ankatchula maina a malo ati, ankalankhula mawu achilendo otani, anabwera ndi chiyani m'bokosi? Ankavina malipenga, mganda kapena beni, magule omwe anatengera pelete ya asilikali? Jambulani mawu awo pa foni. Omwe anamenya nkhondo ya Hitler, ngati alipo amoyo, afika zaka 100, ndipo ana awo nawonso akalamba.

Ife a pamsika timadziwa kuti katundu yemwe mwini wake sadziwa mtengo amapita motchipa. Mamendulo a agogo musagulitse, musawapale ndi phulusa kapena mchenga, mungafute nambala. Chithunzi musachimate ndi selotepi, ndipo chichotseni pakhoma lomwe limalowa chinyezi. Zomwe mwapeza zilembeni kumbuyo kwake ndi pensulo: dzina lonse, mudzi, mfumu, nambala, nkhondo yake. Kenako tumizani kwa abale onse, a ku Joni ndi a ku Harare omwe, kuti likadzafika Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene dziko limakumbukira asilikali, ana anu adzatchule agogo awo ndi dzina.